Poto wa Alendo

Benoni,
10 Malichi 2024

Okondedwa amake Raymond,

Ndayamba ndi moni. Muli bwanji ku Chisemphere, inu pamodzi ndi mwana wathu Raymond, apongozi anga a Sellah ndi tiana tawo? Ine kuno ku Joni ndikudzuka. Kungoti kudzukako masiku ano kumafuna msonkhano: msana uvomere, mawondo avomere, kenako tidikire dzanja lamanja limene limafika mochedwa ngati wapampando. Koma tisayambe ndi madandaulo.

Mufunsa kuti kalata njachiyani foni ilipo. Pafoni inu simundilola kumaliza mawu, mumangoti "mayunitsi, mayunitsi" ngati wolipira ndinu. Pepala silidula munthu pakamwa. A Sellah, ndikudziwa kuti owerenga ndinu poti maso a amayi anu anatopa. Musadumphe mzere.

Raymond wandiuza kuti mwayambanso kupita ndi a Agnesi oyandikana nawo aja kukatola nkhuni kumalire a paki, kunyamuka nkhuku zisanatsike, kubwera dzuwa lili paliwombo, bondo litatupa. Mitengo ya pafupi tinaimaliza tokha ndi zigafa za fodya, ine ndemwe ndinadula yambiri, sindikuloza munthu chala. Koma kumene mukupitako kuli njovu, ndipo inu liwiro munalisiya kalekale. Nkhani imeneyi ikundidya.

Ndiye Misheck wa galimoto ya katundu uja akupatsani katoni. Muli poto. Kuno amamutcha puresha kuka. Chivundikiro chake chimakhoma, mkati mwake muli labala lozungulira, pamwamba pali kachitsulo kolemera kotseka pakabowo. Mpweya sutuluka. Nyemba zimene inu mumatereka m'mawa nkupsa ana akuweruka kusukulu, umu zimapsa musanabwere kumjigo. Zitsononkho zodzaza m'manja zikwanira. Muzimuika pa mbaula yadothi ija, moto wapang'ono, usamanyambite zogwirira. Mukatero mtolo umodzi wa nkhuni mukhala nawo mpaka kuuiwala.

Poto ameneyu si wamasewera. Ndinamugula m'sitolo ya magalasi okhaokha, yolowa anthu a matayi, mlonda akunditsatira pambuyo ngati ndamuba kale. Mtengo wake sindilemba, mungakomoke a Sellah asanamalize tsamba. Ngakhale akazi a bwanamkubwa pa Boma sindikhulupirira kuti ali naye.

Chenjezo ndi ili. Akayamba kulira kuti tsi-tsi-tsi musamutsegule mpaka atakhala chete, apo ayi denga lathu mukalitola ku Lundazi. Komanso ali ndi makutu. Munthu wamiseche akamuyandikira amaphulika pompo. A Agnesi aziimira pamtengo wa mango.

Mundiuze mmene fodya wachitira ndi mvula imeneyi. Raymond asaunjike masamba m'chigafa mothinana, chaka chatha anawoletsa. Mbuzi yaikazi ija musagulitse.

Ndine mwamuna wanu mmodzi yemweyo,
Goodwin

Benoni,
19 Meyi 2024

Amake Raymond,

Moni nonse pakhomopo. Ndikhulupirira mwadzuka. Ine ndadzuka, kungoti chisanu chayamba, ndipo cha kuno sichiona imvi.

Misheck wabwera ndi nkhani. Ndinaseka mpaka Wakisa, mnzanga wa ku Karonga amene timagawana chipinda, anandithamangira ndi madzi. Akuti kalata ija a Sellah anaiwerengera pakhonde, amayi a Mvano ali pomwepo akukuthandizani kusankha fodya. A Agnesi atamva dzina lawo anaimirira, nkukung'untha chitenje, amvekere, "Ine pano nizengeso yayi!" Sanabwerensodi, mpaka lero moni akuperekera kumsewu. Akutinso poto mwamukweza pamwamba pa kabati, mwamuveka kansalu koluka, ndipo anthu akumabwera kudzamusuzumira ataima pakhomo ngati mwana wa m'chikuta.

Nditamaliza kuseka ndinakhala pansi. Amake Raymond, za makutu zija ndimacheza. Poto samva. Za denga ndinangokometsera. Choona nchakuti mukamuphula mumadikira mpweya uthe, kenako mumatsegula, basi. Ine ndaphikira mnzake wa poto ameneyu zaka zonsezi kwa adona anga, gogo wachizungu uja, ndipo denga lawo likadali pamalo pake.

Kukhitchini kwa adona kuli zinthu zoti mutaziona mungayambe pemphero. Kuli kamakina kodulira dzira lowiritsa, ntchito yake padziko ndi yomweyo. Kuli china chowotcha buledi nkumuponya m'mwamba ngati chakwiya naye. Kuli chopera tsabola cha mabatire, chimayatsa ndi nyali kuti tsabola aziona pogwera. Bulenda ndiye phokoso ngati chigayo cha pa Simlemba, koma chogaya chake nthochi imodzi, kenako ine ndizimasula timano take ndi kutsuka mpaka tiyi kuzizira. Zonsezi zadutsa m'manja mwangamu, ndiye mundimvere. Zofunika m'khitchini nzochepa. Mpeni umodzi wakuthwa, ngati wanga uja ndinagula ndi malipiro oyamba, umene Wakisa amadziwa kuti angabwereke jekete yanga ngakhale nsapato koma umenewo ayi. Chiwaya chachitsulo chakuda, cholemera, choti chimakoma chikamakalamba. Sefuliya ya pansi pochindikala, yosapsereza. Fulasiki. Ndi uyo mwamuveka chipewayo. Zinazo ndi zidole za anthu osowa chochita.

Fulasikiyo ndatumiza, kuti tiyi muziwiritsa kamodzi, moto usamayake kawiri. Ndaikamonso kosendera mbatata. Kamachotsa khungu lokha, osati mmene mumasendera inu, theka lonse kupita kwa nkhumba.

Mwana wa adona wabwera kuchokera kutsidya kwa nyanja. Akuyenda m'nyumba monse ndi tepi yoyezera, kumata timapepala pamipando ndi pamakabati. Ine sanandimate. Dzulo ndagwetsa bakuli lagalasi, si loyamba mwezi uno. Ndinati ndi mphaka. Mphakayo anafa chaka chatha, koma adona masiku ano amaiwala, ndiye anangomukalipira.

Tsitsani poto, Elube. Akadetsedwa ndiye wayamba ntchito.

Ine wanu,
Goodwin

Benoni,
14 Julayi 2024

Amake Raymond,

Moni. Ndamva kuti chifuwa chinakugwirani, ndikhulupirira chapepuka. Ine ndilipo. Ndikulemba nditavala majuzi onse amene ndili nawo, ndikaimirira ndikuoneka ngati belo la fodya.

Yankho lanu ndalandira, m'zilembo zokongola za a Sellah. Mwati mwamva kuti poto alibe makutu, ngakhale simukutsimikiza. Koma mwati poto wa m'sitolo ya matayi sangadetsedwe ndi mwaye chifukwa cha nyemba za Lachiwiri. Mwati ngwa alendo.

Alendo! Tiyeni tikumbutsane. Mbale zamaluwa zija ndinatumiza chaka chimene Raymond ankakwatira zili kuti? M'katoni, kunsi kwa bedi. Makapu adothi? M'katoni. Masupuni osachita dzimbiri, sefuliya zovalana zija, ketulo yoimba mluzu? Misheck akuti kuchipinda kwathu kuli ngati sitolo ya pa Boma, kwangosowa mlonda. Inu mukudyerabe mbale yachitsulo yosupuka m'mphepete imene tinagula tisanamere imvi. Fulasiki nayenso ndamva wakwera pakabati, akucheza ndi mkulu wake.

Mlendo ameneyu ndani? Abusa anabwera, akuti munafunditsa poto bulangete kuopa angamubwereke za kumsonkhano wa mpingo. Alangizi a fodya anabwera, munawapatsa madzi m'kapu yapulasitiki. Achimwene anu a ku Mzimba anagona masiku, munawaphikira mumphika wong'aluka khosi uja. Ndiye mukudikira ndani? Ambuye Yesu? Iwowo anadya ndi asodzi pamchenga, sangafunse kuti mbale zamaluwa zili kuti.

Ndinamutama kwambiri, ndaona. Ndikanati ndamutola kudzala, bwenzi pano atada bii, nyemba mukudya.

Raymond anandiimbira ali ku okushoni ku Chinkhoma. Akuti njovu zinalowa m'dimba la a Agnesi, mbatata yonse zinafukula, nthochi zinagwetsa. Dimba la a Agnesi, Elube. Pamenepo ndi poti munthu akakuwa ali pamenepo inu mumamva muli pamtondo. Ngati zafika pamenepo, nanga kumene mumatola nkhuni kuli zingati? Ndamuuza kuti fodya akagulidwa agule ngolo ya nkhuni. Ndikudziwa kale yankho lanu, mudzati munthu wamiyendo yake sagula nkhuni, anthu angatiseke. Asekeni, mano ndi awo.

Ndinapita kukiliniki za dzanja lija. Nesi anati ndimufinye zala. Ndinafinya ndi mphamvu zanga zonse, iye amvekere, "Yambani, madala." Anandipatsa mapilitsi ndi tsiku lobwerera. Tsikulo kumsewu kunali magalimoto aja ofunsa mapepala, ndiye ndinakhala m'nyumba, kunola mpeni.

Adona akudya pang'ono. Ndikawaphikira supu amandifunsa kuti ndine ndani, ndikawauza amati, "Goodwin ndi mnyamata, iwe ndi nkhalamba." Pamenepo sanaiwale kanthu, anena zoona.

Perekani moni kwa tiana. Wamkulu uja dzina ndimalidziwa, nkhope ndimangoiona pafoni ya Wakisa.

Goodwin

Benoni,
8 Seputembala 2024

Elube,

Sindikufunsani kuti muli bwanji poti ndikudziwa. Raymond wandiuza, ngakhale munamuletsa. Musamukalipire.

Akuti njovu inatulukira kuseri kwa chulu, ili ndi mwana. Anzanu anataya mitolo nkuliyatsa liwiro. Inu munathawa mtolo uli pamutu, simunafune kuutaya, mpaka munagwera m'chigwembe. Akuti inaima pamwamba, makutu tambasu, kenako inatembenuka. Ndipo amene anabwerera kudzakukokani ndi a Agnesi, omwe aja ine ndinawaimika pamtengo wa mango. Pano mwendo uli m'chikhakha, nkhwangwa inatsala komweko.

Ndafunafuna nthabwala yoti ndilembe apa. Ndakhala ndi bolopeni chitsukireni mbale za masana. Ndinaganiza yoti njovuyo inaona nkhope yanu ya Lolemba m'mawa nkubwerera yokha. Ndinamuyesera Wakisa, sanaseke. Inenso sindinaseke.

Dzana pafoni ndinakuuzani ndi mawu anga enieni kuti potoyo alibe choopsa, muphikiremo, kunkhalango musiye. Munati, "Mwayambatu, a Goodwin." Ndinati ndikulumbira. Munati, "Munalumbiranso kuti ku Joni nkhuku zimabadwa zososola kale." Kenako munati mayunitsi, nkudula.

Moyo wanga wonse ndaseketsa anthu, pamaliro pomwe ankandikhazika kutali ndi abusa. Lero ndikufuna liwu limodzi loti mundikhulupirire nalo, ndapisa m'matumba monse, mulibe.

A Agnesi ndawatumizira sefuliya yochindikala, yawoyawo, asaiike pakabati. Muwauze kuti yewo chomene. Muwauzenso alowe m'nyumba, akhale pafupi ndi poto, anene aliyense amene akufuna kumunena, ayambire ine.

A Sellah, apa ndikulankhula ndi inu. Amayi anu ali chigonere, sangakuthamangitseni. Tsitsani potoyo, muviike nyemba, muphike anthu akuona. Akaona okha asiya kumvera ine, amvera nyemba.

Goodwin

Benoni,
13 Okutobala 2024

Amake Raymond,

Moni kwa inu ndi mwendo wanu. Ndamva kuti mwayamba kuyendera ndodo ndi kulamula anthu, ndiye kuti mukuchira. Ine ndilipo, kwatentha, majuzi ndavula, ndaonda ngati phesi.

Za chionetsero chija ndamva zonse. Akuti anthu anadzaza bwalo, ana anawaimika kuseri kwa chigafa, Raymond ataima chapatali ndi ndowa ya madzi. A Agnesi okha ndiwo anakhala pafupi, manja ali m'makutu. A Sellah anatereka. Anthu anadikira. Poto sanalire. Mpweya unkangotuluka pakabowo ngati ketulo wamba, madzi nkuphwa, nkuthiranso ena, ndipo nyemba zinapsa nthawi yake yakale ndi nkhuni zake zakale. Mudzi wonse wagamula kuti a Goodwin atinamizanso, angogula sefuliya yokhala ndi loko.

Ndinaimbira a Sellah. Ndinati, "Labala linalimo?" Anati linalimo. Ndinati, "Nanga kachitsulo ka pamwamba?" Anati, "Kachitsulo kati, bambo?"

Elube, Elube. Ndiye kuti tsiku lomwe munamva kalata yoyamba ija munakazula, nkukatsekera m'thilanki pamodzi ndi yunifomu ya Mvano, poti munaona kuti chipolopolo chake nchimenecho. Nzeru zake nzabwino, sindikukunyozani, msilikali angakukwezeni udindo. Koma popanda kachitsuloko potoyo ndi ndowa chabe. Ndi kamene kamagwira mpweya. Nkachepa ngati dzira la njiwa koma ntchito yonse ndi yake.

A Sellah akuti atakupemphani kiyi wa thilanki munamuika m'khosi, mumvekere, "Mwini wake akadzabwera adzaike yekha, adzaphulike naye yekha." Kenako munawatsukitsa poto ndi phulusa mpaka kuwala, wabwerera pakabati, chipewa chili kumutu.

Mawu amenewo ndawasinkhasinkha sabata yonse ndikusenda anyezi.

Chimene chikundiopsa ndi ichi. Chikhakha achotsa posachedwa. Mwezi wamawa mitambo iyamba kusonkhana, amayi onse adzathamangira kukaunjika nkhuni zouma mvula isanagwe. Ine ndimakudziwani. Mudzati mukungowaperekeza, mudzabwereka nkhwangwa, mudzapita chotsimphina. Ngolo ya nkhuni ija Raymond akuti munaibweza pamsewu, mwini ngolo mpaka anakwiya.

Kuno pageti akhoma chikwangwani chogulitsa nyumba. Anthu akumabwera kudzatsegula makabati a m'khitchini mwanga osaodira. Wina anandifunsa ngati uvuni ukugwira bwino, ndinati ukugwira kuposa wophika. Anaseka. Adona Lachisanu anandiitana dzina la malemu amuna awo, nkundifunsa ngati ndatseka khola la nkhuku. Ndinati ndatseka. Kuno kulibe khola.

Feteleza Raymond asadikire mvula, agule pano. Denga la khitchini alifolere, chaka chatha munkaphika mutafunda thumba.

Ine,
Goodwin

Benoni,
17 Novembala 2024

Okondedwa amake Raymond,

Moni nonse. Ndikhulupirira mukupondako pang'ono. Za thanzi langa lero ndilemba zoona, muone kuti nazonso ndimazitha.

Dzanja lamanja silikumva. Lingagwire mpeni, koma silidziwa ngati chinthu chikutentha. Sabata yatha ndinazindikira kuti ndapsa nditamva fungo. Ndinayang'ana m'chiwaya kuti chapserera nchiyani, kupeza ndine. Bala likupola, musadandaule.

Nyumba yagulidwa. Adona akupita kosungira okalamba mwezi wamawa, kumene chakudya chimabwera pathireyi chophikaphika. Mwana wawo anandiitanira kukhitchini nati ndisankhe chimene ndikufuna. Wakisa anandinong'oneza kuti nditenge maikulowevu, bulenda ndi chokazingira cha mpweya, tikagulitse. Ndinaziyang'ana zonse zili ndandanda, zingwe zili lende. Kwathu tizilumikiza pati, pamchira wa mbuzi? Ndinatenga chiwaya chakuda chija, thabwa lodulirapo ndi sefa. Mwana wa adonayo anafunsa kawiri ngati ndi zokhazo. Anaganiza kuti ndine wofatsa. Sadziwa kuti ndatenga khitchini yonse, iye ndamusiyira phokoso.

Kamakina kodulira dzira kaja anandikakamiza. Ndikatenga, a Agnesi aziopsezera adzukulu.

Wakisa wandipezera malo ena, kulesitilanti ya Mpwitikizi wina, kudula nyama ndi ndiwo zamasamba. Akuti munthu wobwera ndi mpeni wakewake ngati wanga samubweza. Ndinapita kukaona. Khitchini yabwino, mapoto olemera, anyamata othamanga. Ndinaima pakhomo nkumaganiza za munthu wina wotsimphina, mtolo uli pamutu.

Elube, ndikubwera.

Ndikumva kuseka kwanu ndili konkuno. Disembala aliyense ndimalemba mawu amenewa, kenako m'malo mwanga mumafika katoni. Chifukwa chake mumachidziwa ngakhale sitinachitchulepo: mapepala anga anatha kale, ndikatuluka m'dziko muno sadzandilolanso kulowa. Ndiye chaka chilichonse ndimati chimodzi chokha ichi. Sindikupemphani kuti mukhulupirire kalatayi. Ine ndemwe nditailandira sindingaikhulupirire.

Misheck akupatsani kanthu kokulunga m'thaulo. Sikali m'katoni, ndamuuza akupatsireni m'manja. Mumasule mosamala, ngwakuthwa. Chiugulireni sunagonepo kutali ndi ine. Popanda umenewo kuno palibe khitchini ingandilandire, ndipo wina sindigula.

Mpeni ukakhala kumeneko, mwini wake ali m'njira. Chimene ndikupempha nchimodzi. Anzanu akabwera kudzakutengani za kunkhuni, muwauze kuti mukudikira mwezi umodzi wokha.

Mwamuna wanu,
Goodwin

Benoni,
8 Disembala 2024

Elube,

Moni. Ndamva kuti mvula yagwa ndipo mwadzala. Ine ndilipo, ndikudula anyezi ndi kampeni ka adona kobuntha ngati supuni, misozi ili mbwembwembwe. Ndimauza anthu kuti ndi anyeziwo.

Misheck wandifotokozera, ndamubwerezetsa mpaka watopa nane. Akuti munamasula thaulo, munauyang'ana mpeniwo nthawi yaitali. Kenako munalowa kuchipinda, anamva thilanki ikulira, munatuluka mukumanga kanthu pansonga ya chitenje ngati ndalama ya chopereka. A Sellah akuti kachitsuloko mukuyenda nako kulikonse, kutchalitchi komwe. Akutinso amayi atabwera ndi nkhwangwa zawo munawauza kuti mwendo ukupweteka, pamene dzulo lake munali mutathamangitsa mbuzi mpaka kudambo. Bodza limenelo ndalikonda. Zaka zonsezi mukukhala ndi ine mwaphunzirako kanthu.

Koma akuti mwanenetsa kuti poto satsika pakabati, lamulo silinasinthe, ngwa alendo.

Chabwino, sindikutsutsani. Tiyeni tione amene akubwerayu. Galu wa pakhomopo samudziwa, amuuwa. Adzukulu amuthawa, mpaka wina awauze kuti awa ndi agogo. Njira ya kumjigo aifunsa, poti pamene ankachoka madzi tinkatunga pachitsime. Pamanda pali mitumbira ya anzake imene sanaponyepo dothi, muchita kumulozera kuti apa ndi uje, apa ndi uje. Sadziwa kuti mchere mumasunga pati. Ngati ameneyu si mlendo, ndiye kuti ku Chisemphere sikudzafikanso mlendo.

Ndiye tsitsani poto. Tulutsaninso mbale zamaluwa, makapu, masupuni, ketulo yoimba ija, zonse. Mlendo wake ndi wovuta, sadya tsiku limodzi nkupita. Adya Lolemba, adya Lachiwiri, adzadyabe mpaka mudzamunyamule.

Adona akunyamuka Lachitatu, ndikawaperekeza mpaka pageti. Katundu wanga ali ndi Misheck pamodzi ndi kalatayi, ine ndikwera basi sabata yamawa. Raymond asavutike kudzandichingamira pa Boma, ndikwera kabaza ngati njonda. Ndikaimba ndili pa Mwanza, muviike nyemba.

Ndiphika ndine. Kachitsuloko ndiika ndekha monga munanenera, inu mukaime pamtengo wa mango ndi a Agnesi. Anthu adzati mwamuna wa Elube wabwera ku Joni kudzakhala kukhitchini. Anene. Kumeneko ndi kumene ndakhala zaka zonsezi, kungoti ndimaphikira mkazi wa mwini. Inu ntchito yanu idzakhala imodzi, kundiuza kuti chogwiriracho chatentha, poti dzanjali silinena.

Za nkhuni musade nkhawa. Makatoni onse ali kunsi kwa bedi aja musataye ngakhale imodzi. Ndakhala ndikukutumizirani nkhuni chaka ndi chaka osadziwa. Tiyambira imeneyo ya mbale zamaluwa.

Ndine mlendo wanu,
Goodwin